Nthenda imene mai Esinati analibe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza itamatidwa pakhoma. Titamaliza maphunziro a unamwino kusukulu ya mishoni anatiuza kuti tibwerere kumudzi tikadikire, ndipo ine ndinadikira miyezi inayi kwathu ku Chinakanaka, ndikuthandiza amayi kugulitsa nanazi m'mbali mwa msewu. Tsiku lina mnzanga wa kusukulu anatuma kondakitala wa basi kudzandiuza kuti mayina atuluka, ali pa ofesi ya zaumoyo pa Boma. Mtima wanga unali ku Blantyre. Dzina langa ndinalipeza mmunsi mwenimweni mwa pepala, pambali pake atalemba kachipatala ka kumudzi, kupitirira Limbuli, kufupi ndi malire. Masiku amenewo munthu sunkafunsa kuti bwanji ine. Akakutuma unkangomanga katundu. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Ndinapita pa lole yokasiya mankhwala, nditakhala pamwamba pa makatoni. Chipatalacho chinali cha zipinda zinayi: choonera odwala, chobayira jekeseni, chochilira amayi ndi china chosungira mankhwala. Makoma ake sankafika kudenga, moti zonenedwa m'chipinda chimodzi zinkamveka m'zinazo mpaka pakhonde. Kumbuyo kwake tiyi ankayambira pomwepo mpaka kukagunda phiri. Kutsogolo kunali midzi yotsetserekera kumadambo a mpunga.

Mkulu wa pamalopo anali a Msiska, bambo wa kumpoto, wamtali, wa imvi m'mbali mwa makutu. Sanali dokotala weniweni, anali wothandiza dokotala, koma dera lonselo linkawatcha adokotala chifukwa wina kunalibe. Atawerenga kalata yanga anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Chilomwe mumachimva?"

"Pang'ono, cha kwa agogo."

"Chikuthandizani kuposa pepala lanuli."

Kusukulu tinaphunzira nthenda iliyonse patsamba lakelake. Pa benchi ya pakhonde paja sizinali choncho. Mwamuna, mkazi, mwana wasukulu, nkhalamba, onse ankabwera ndi mawu amodzimodzi: "Kukuwotcha ndikamataya madzi." Ena ankati pansi pa mchombo pakupweteka. Amayi akuluakulu sankatchula n'komwe, ankangoweramitsa mutu n'kunena kuti "kumusi kuno". Mawuwo ndi amodzi, koma kuseri kwake kukhoza kukhala likodzo, chinzonono, mauka, zilonda za m'chikhodzodzo, kapena nthenda yoti munthu ukachedwa naye tsiku limodzi umutaya.

A Msiska anali ndi njira yawo ndipo sankaidumpha ngakhale mzere utafika kumsewu. Ankayamba ndi mafunso. Magazi mumawaona? Amabwera poyamba kapena madontho omaliza? Mumasamba kuti, mumachapa kuti? Thupi limatentha? Kumwezi munapita liti? Chotulukacho n'chotani, chikuyabwa kapena chikungopweteka? Kenako ankapereka mabotolo awiri a jamu owiritsidwa, wodwala ayambire m'botolo loyamba n'kumalizira m'lachiwiri. Loyamba likada ndi mafinya lachiwiri n'kuyera, vuto lili panjira, ndipo mwa amuna kawirikawiri chimenecho ndi chinzonono. Onse awiri akakhala a mbuu ndi onunkha, munthu akuthamangira kuchimbudzi pafupipafupi, ndi chikhodzodzo, apatseni mapiritsi a salufa ndi kuwauza amwe madzi ambiri. Koma akawonjezera kunjenjemera ndi kupweteka kwa m'nthiti cha kumsana, zafika ku impso, alembereni kalata ya ku Boma. Mai wodumpha mwezi amene akumva kubaya mbali imodzi sankamupatsa piritsi lililonse. Ankatuluka okha kukaimitsa thirakitala ya ku esiteti ya tiyi kuti imuthamangitsire ku Boma.

Za likodzo ankafuna mkodzo wa masana, wodwala atayamba wazungulira chipatala kangapo. Tinkathira m'timachubu tiwiri n'kuika m'chopukusira chamanja chomangidwa pamphepete pa tebulo. Ntchito yopukusa inali yanga, mphindi zisanu, mpaka phewa kuwawa. Madzi a pamwamba tinkataya, dontho la pansi n'kuika pakagalasi. Maikulosikopu yathu inalibe babu, inali ndi kalilole kakang'ono kolandira kuwala, choncho inkagwira ntchito pawindo. M'menemo ndi momwe ndinaonera koyamba dzira la likodzo, looneka ngati njere ya nkhaka yokhala ndi kaminga kumapeto. Mafinya tinkawapaka pakagalasi, kuumitsa pamoto wa sipiriti, kudonthezera mankhwala a buluu, n'kufufuza tizilombo ta chinzonono tokhala tiwiritiwiri ngati nyemba zoyang'anana.

Tikapeza chinzonono mankhwala ake anali penisilini, jekeseni ku thako lililonse, ndi masirinji agalasi amene tinkawiritsa pa pulayimasi. Pamwamba pake tinkapereka kapepala koitanira mwamuna kapena mkazi wa wodwalayo kuti nayenso adzabayidwe.

"Anesi," ankatero a Msiska, "matenda a kumusi ndi a pachibale, nkhope zawo n'zofanana. Musatchule dzina musanaone ndi maso."

Ndinkavomera, koma kunena zoona ndinkaona ngati akuchedwetsa mzere. Miyezi isanu ndi iwiri itatha ndinkaganiza kuti munthu akangolowa pakhomo ndamudziwa kale. Iwo anali asanandilolebe kugwira maikulosikopu ndekha. Madzulo aliwonse ankaitsekera m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba la malaya.

Nyengo yozizira itayamba mankhwala a malungo anatithera. Bambo wina anakalipa pakhonde kuti tikubisa, ndipo a Msiska, atatopa, anamuyankha pamaso pa anthu kuti, "Sanatitumizire. Kodi ndiwaumbe ndi dothi?" Masiku amenewo mawu otere anali mlandu. Patapita masiku awiri, dzuwa lili pamutu, panaima galimoto ndipo munatuluka amuna atatu. Sanakweze mawu. A Msiska anavula khoti loyera, kulikoleka pamsomali, n'kundiuza kuti, "Pitirizani, anesi." Odwala pa benchi anayang'ana pansi. Galimoto itapita, mai Nachuma, amene ankakolopa ndi kuchapa pachipatalapo, anandinong'oneza kuti, "Inu simunaone kanthu." Madzulo ndi pamene ndinakumbukira kuti kiyi ya kabati yapita nawo.

Ndikanatha kuswa loko. Ndinaopa. Kabatiyo inali katundu wa boma, ndipo ndinali nditangoona zimene zimachitikira munthu chifukwa cha mawu chabe. Ndinapitiriza ntchito ndi maso anga ndi mabotolo a jamu.

Mai Esinati anabwera Lolemba lachitatu chichokereni a Msiska. Kunali chiperoni, phiri losaoneka, anthu atadzaza khonde atafunda zitenje kumutu. M'chipinda chochilira munali mtsikana wa mimba yoyamba amene anayamba kubuula mmamawa, ndiye ndinkangothamanga uku ndi uku. Pofika masana ndinali ndisanamwe ngakhale madzi.

A Esinatiwo anali mai wa zaka za m'ma makumi atatu, wa ana anayi, atamanga duku loyera la amayi a mumpingo. Anandipatsa moni m'Chilomwe, anakhala pamphepete penipeni pa mpando n'kumalankhula akuyang'ana khoma. Anati miyezi yapita akumva kupweteka pansi pa mchombo, potaya madzi pamawotcha, kumusi kumatuluka zamadzimadzi zachikasu. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndikakhala ndi bambo kunyumba, mmawa ndimapeza magazi pansalu."

Ndinawagoneka pabedi n'kuwayeza ndi chitsulo choonera njira ya amayi, tochi ndili nayo kudzanja lina. Khomo la chiberekero linali lofiira, ndipo nditangolikhudza ndi thonje linatulutsa magazi. Ndinafunsa kuti amuna awo amagwira ntchito yanji.

"Ndi akapitawo ku tiyi."

Apo ndinasiya kufunsa. M'miyezi imeneyo ndinali nditabaya makapitawo angapo, komanso atsikana othyola tiyi amene ankabwera akulira, osafuna kutchula amene wawapatsa. Mtima wanga unatentha. Ndinaona mai wodzisunga amene mwamuna wake wamubweretsera nthenda ya kuthengo, ndipo ndinafuna kuti mwamunayo achite manyazi. Za magazi a mumkodzo sindinafunse. Za kumene amachapa sindinafunse. Mabotolo anali pomwepo patebulo koma sindinawapatse. Ndikanathanso kuwalembera kalata kuti akayezedwe ku Boma. M'chipinda china mtsikana uja anakuwa. Ndinatenga tikiti yawo n'kulembapo zilembo ziwiri zimene tinkalemba m'malo mwa dzina la nthendayo.

"Mai, ichi ndi chinzonono. Akupatsani ndi amuna anu."

"Iyayi anesi. Bambo aja ndi mkulu wa mpingo."

"Onse amatero, mai."

Ndinawabaya mbali zonse ziwiri n'kuwapatsa kapepala koti akapereke kunyumba. Anakapinda kanayi, kukamanga pakona ya chitenje, n'kutuluka akutsimphina m'mvula muja. Ine ndinathamangira kwa mtsikana uja, amene anachira bwino mwana wamkazi, ndipo tsikulo ndinaweruka ndikudziona kuti ndagwira ntchito ya anthu awiri.

Amuna a mai Esinati, a Lapukeni, anabwera Lachitatu panjinga, atavala jekete. Anadikira pamzere ngati wina aliyense. Atalowa anavula chipewa, n'kuika kapepala kaja patebulo ndi manja awiri. Ndinawafunsa mafunso onse, ndipo ku lililonse ankayankha kuti ayi. Ndinawapatsa mabotolo. Onse awiri anabwera oyera mbee, opanda ngakhale kaulusi ka mafinya.

"Anesi," anatero, "mkazi uja ndakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Wina sindinamudziwepo. Mulungu akumva."

Sindinawakhulupirire, koma mawu awo sanali a munthu wogwidwa. Anali a munthu wofuna kumvetsa. Anayamba kundifunsa modekha, chipewa chili pabondo.

"Nthenda imeneyi munthu angaitenge pachitsime?"

"Ayi."

"M'chimbudzi? Kapena pansalu yobwereka?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye njira yake ndi imodzi basi?"

"Imodzi."

Anayang'ana mabotolo awo aja.

"Ndipo mkazi wangayo ali nayo ndithu?"

Pamenepo ndinazindikira kumene mafunsowo ankalowera. Ndikanatha kunena kuti sindinayeze, makina ali otsekeredwa, dikirani. Koma pakhonde panali phee, anthu akumva zonse kudzera pamwamba pa khoma. Ndinali ndekha, kamtsikana, ndipo ndinaganiza kuti ndikavomera kuti ndinabaya munthu ndisanatsimikize, mawa palibe adzandikhulupirire, mwinanso nkhani ikafika kumene inafika ya a Msiska.

"Ali nayo," ndinatero. "Koma nthawi zina mwa amuna imabisala. Bwerani ndikubayeni."

"Mundibayire chiyani poti ndilibe?" Anaimirira n'kuvala chipewa. "Zikomo anesi. Mwanditsegula m'maso."

A Msiska anabwera patatha masabata asanu, wapansi, atametedwa mpala, malaya akulendewera m'mapewa. Sananene kumene anali ndipo palibe anawafunsa. Anatenga khoti lawo pamsomali pomwe analisiya. Kiyi anali atalandidwa limodzi ndi lamba ndi wotchi, choncho anabwereka chitsulo chochotsera matayala a njinga n'kuswa loko uja. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Ndinaima kumbuyo kwawo ndikuyang'ana loko atagwa pansi.

Sabata yotsatira mai Esinati anabweranso. Poyamba sindinawazindikire. Duku loyera panalibe, kumutu anamanga kansalu kakuda, ndipo anadikira mpaka anthu onse atatha. Anati jekeseni uja sanasinthe kanthu. A Msiska anawerenga tikiti, anandiyang'ana kamodzi, n'kuyamba mafunso awo.

"Mumalima mpunga, mai?"

"Eya, kudambo."

"Madzi amafika pati?"

"M'chiuno, nthawi yowokera."

"Mukamataya madzi, magazi mumawaona?"

"Timadontho ta pomaliza. Koma zimenezo n'zakale, chiyambire ndili mtsikana. Kwathu tonse timatero, si matenda."

Anawauza azungulire chipatala kanayi n'kubweretsa mkodzo. Ndinapukusa ine. A Msiska anaika kagalasi, anatembenuza kalilole kuloza pawindo, anayang'ana kanthawi, kenako anadzuka pampando.

"Anesi, onani."

Mazira anali mbwee, ena atagundana, lililonse ndi kaminga kake. Anatenganso zotuluka kumusi, kupaka, kuumitsa, kudonthezera buluu. Anafufuza nthawi yaitali. Tizilombo ta chinzonono munalibe. Anandiitanira ku chipinda cha mankhwala n'kutseka chitseko.

"Likodzo mwa amayi silikhala m'chikhodzodzo mokha. Limafika pakhomo la chiberekero n'kupanga zilonda. Zimatuluka madzi, zimatuluka magazi, zimapweteka pogona ndi mwamuna. Munawafunsa za madzi?"

"Ayi."

"Mwamuna munamuitana?"

"Anabwera. Analibe kanthu."

"Munamuuza chiyani?"

Ndinawauza zonse. Sanandikalipire. Anangokhala pakatoni n'kugwira mutu wawo wometedwawo. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Titabwerera, mai Esinati anatifotokozera okha, ndi mawu osakwera osatsika, ngati akunena za munthu wina. A Lapukeni atachoka kuchipatala tsiku lija anapita ndi tikiti kwa mlembi wa mpingo, amene anagwirapo ntchito pachipatala cha esiteti ndipo ankadziwa zilembo zija. Anaitana ankhoswe. Anawakhazika mai Esinati pamphasa pamaso pa amalume awo n'kuwauza kuti atchule mwamuna. Iwo analibe woti atchule. Anafunsidwa masiku atatu. Pomaliza anati ndi wouma mtima, mbava yokana ndi nkhuku m'manja. Kumpingo anawadula n'kuwalanda duku. A Lapukeni, poti anali mkamwini pamudzipo, anamanga katundu wawo panjinga n'kusamukira ku nyumba za antchito ku esiteti. Kudambo amayi anzawo ankasuntha iwo akafika, ndipo mwana wawo wamkulu anasiya kupita kusukulu chifukwa cha nyimbo imene anzake ankamuimbira.

Ndinagwada pasimenti. Ndinati, "Mai, ndinalakwa ine. Nthenda ija mulibe, simunakhalepo nayo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndimadziwa kale kuti ndilibe, anesi. Kawauzeni iwowo."

A Msiska analemba kalata m'Chichewa, anasayina n'kudinda chidindo cha chipatala. Loweruka masana ndinabwereka njinga ya amuna a mai Nachuma n'kukwera mtunda wa ku esiteti. A Lapukeni ndinawapeza pashedi ya sikelo, anthu ali pamzere ndi madengu a tiyi kumsana. Ndinadikira mpaka womaliza atakhuthula. Anandizindikira. Tinapatuka kuseri kwa shedi, ndipo anawerenga kalatayo kawiri, milomo ikugwedera.

"Ndiye munanama liti, anesi? Tsiku lija kapena lero?"

"Sindinaname, bambo. Ndinalakwitsa. Makina anali otsekeredwa, sindinayeze."

"Ndinakufunsani. Sindinakufunseni kodi?"

"Munandifunsa."

"Munati ali nayo."

"Tiyeni kuchipatala mukaone nokha m'makina. Mazira a likodzo akuoneka."

"Ine ndikaone chiyani m'makina? Ndimadziwa tiyi ine. Ndinakhulupirira pakamwa panu." Anaipinda kalata ija. "Akwawo akupatsani chiyani kuti mubwere kuno?"

Ndinalira pamenepo, yunifolomu ili m'thupi, anthu akudutsa. Mwina misoziyo ndi imene inawafewetsa, chifukwa atayambanso kulankhula mawu awo anali otsika.

"Mwana wanga, ine ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse. Ndinamutchula dzina loipa pamaso pa ana ake. Amalume ake ndinawaloza chala. Tsono lero mukuti analibe. Ngati lero ndi pamene mukunena zoona, ine ndine munthu wanji?"

Anandibwezera kalatayo m'manja, anatenga buku lawo la sikelo n'kumapita. Ndikuganiza kuti anandikhulupirira. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake sanathe kubwerera.

Lamulungu ndinapita nayo kalatayo kwa akuluakulu a mpingo. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando. Mmodzi anati pepala loyamba linachokera kuchipatala, lachiwirinso lachokera kuchipatala komweko, ndiye iwo atsate liti? Anati adzakhala pansi. Miyezi inadutsa asanakhale.

Mai Esinati tinawapatsa mapiritsi achikasu a likodzo a masiku amenewo, owawa, osanzitsa, ozunguza mutu. Anamwa onse osadumpha. Patatha miyezi iwiri tinayezanso ndipo mazira amoyo sitinawapeze. Kupweteka kunatha, magazi anasiya. Tsiku limenelo ndi limene ananditsanzika. Anati akuwoloka malire, akupita kwa abale a amayi awo cha ku Milanje, kumene palibe akuwadziwa. Munda wa mpunga asiyira mng'ono wawo. Ana akupita nawo onse.

"Dikirani pang'ono, mai. Mwina a mpingo aja..."

"Ndadikira. Thupi mwandichiritsa, zikomo." Anamanga tikiti yawo pachitenje. Pakhomo anatembenuka. "Musamadandaule kwambiri, anesi. Munali nokha tsiku lija, ndinaona."

Mawu amenewo andivutitsa kuposa onse a amuna awo. Chaka chisanathe a Lapukeni anakwatira mkazi wina. A Msiska anasamutsidwira kutali, ndipo pochoka anandisiyira kiyi ya loko watsopano.

Ine ndinakhala pachipatalapo zaka zisanu ndi zinayi. M'zaka zimenezo nkhondo ya kutsidya inakula, ndipo anthu anayamba kuwoloka malire ali ndi mitolo pamutu, ena opanda n'chovala chomwe. Tinkapita kukawabaya katemera pansi pa mitengo ndi kuyeza ana otupa mapazi. Mzere uliwonse ndinkayang'ana nkhope za amayi mmodzimmodzi. Ndinkafunsa m'Chilomwe changa chothyokathyoka ngati alipo akudziwa mai wa ana anayi wochokera mbali yathu ino. Palibe anawadziwa.

Tsiku lina kusikelo ya ana kunabwera mai wachikulire ndi mdzukulu wake, ndipo pa tikiti ndinaona dzina la mudzi wa mai Esinati. Ndinamufunsa ngati anamvapo za iwo.

"Esinati uti?"

"Amene anali akazi a a Lapukeni, akapitawo."

"Oo, uja wa chinzonono uja?"

"Analibe chinzonono, mai. Linali likodzo. Ndine ndinalakwitsa."

Anaseka pang'ono, ngati ndanena zoseketsa, akumangirira mwana kumsana.

"Kaya, ife timangomudziwa choncho. Chipitireni sanabwerenso. Ena amati mudzi umene anapitako anauwotcha."

Ndagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, m'zipatala zazing'ono zokhazokha, zambiri zopanda makina alionse. Atsikana ophunzira akabwera kudzazolowera ntchito ndinkawaphunzitsa mafunso a a Msiska, mabotolo awiri, mkodzo wa masana, ndi kuti mai wa kudambo akadandaula za kumusi muyambe mwamufunsa za madzi musanamufunse za mwamuna. Zimenezo ankalemba m'makope. Chimene sankalemba ndi chimene ndinkawauza pomaliza, chakuti tsiku lina mudzakhala nokha, mutatopa, anthu akumvetsera pakhonde, ndipo wina adzakufunsani kuti, ali nayo ndithu? Ngati simunaone, nenani kuti sindikudziwa. Manyazi ake amatha dzuwa lisanalowe. Jekeseni wolakwika thupi limamutaya pakapita masiku awiri, koma dzina la nthenda ukalitchula limatuluka pakhomo, limakafika kumudzi, ndipo ulibe njinga yoti ungalipeze nayo.

Ena ankati ndimachedwetsa mzere, ndipo n'zoona. Sindinena izi ngati munthu amene anapeza nzeru n'kupepukidwa mtima. Phunzirolo ndinatenga ine, ndadya nalo, ndakalamba nalo pakhomo panga. Mai amene anandiphunzitsa anangobwera kudzafuna thandizo tsiku la mvula, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene iwo ndi ana awo anayi anathera.